A Zisudzo Anditengera Tadala

Ndili mu holo ya pasukulu, masana. Gulu la zisudzo labwera ndi masewero akalekale a mafumu, akuti mwezi wonse. Mwana wanga Tadala ndamubereka kumsana. Ndikupapasa kumbuyo, ndikupeza dzungu lokulunga m'chitenje, lija amaliyesa khanda m'sewero. Tadala ali kutsogolo uko, m'manja mwa mfumu yovala chisoti cha katoni, ufa ukuyoyoka m'ndevu.

"Mwana uyu akatayidwe kunkhalango!" ikutero mfumu. Anthu akuwomba m'manja.

Ndikuthamanga koma mabenchi akuswana. Ndikalumpha limodzi, pakubwera awiri. Ndikulumphabe. Patapata waduka, ndamusiya pomwepo.

Mayi wogwira nsalu yotchinga akundiletsa. "Achemwali, dikirani. Amake a mwana amalowa sewero la Lachisanu."

"Lachisanu? Mwana sanayamwe chiyambire m'mawa!"

"Zinalembedwa kale. Amatayidwa chaka chilichonse, sitisintha."

"Lero musintha."

Ndadutsa kunsi kwa mkono wawo, ndakwera pansanja. Holo yonse ikuseka, akuyesa nanenso ndine wa sewero. Dzungu ndaliika pamapazi pa mfumu.

"Bambo, tayani ili. Wangayo bweretsani."

Mfumu ikusuzumira kuseri kwa nsalu, kenako ikundinong'oneza. "Mayi, ndiyankhe bwanji? Mawu amenewa sitinaloweze."

"Musayankhe. Tambasulani manja basi."

Yatambasula, ndamutenga Tadala. Ndakhala pampando wake wachifumu, ndikuyamwitsa. Anthu onse akudikira sewero lipitirire. Adikire, mwana akhute kaye.

Ndadzidzimuka kutulo, mkaka utanyowetsa malaya, zibakera ndikadali chikungire.