Ndinabereka Mwana M'mbendera ya Eni Ake

Chinayamba kundidabwitsa ndi bambo wa pashopu. Masiku onse ndikatsika kukagula buledi ankaseka ndi mwana wanga wamkazi, kumutsina tsaya, koma m'mawa umenewo sanatiyang'ane n'komwe. Maso ali pa kanema, kukamwa kuli yasa, amuna adzaza mpaka pakhomo, aliyense foni m'manja. Linali Lachisanu, tsiku lopuma kuno ku Doha, ambiri sanapite ku ntchito, dera lathu lonse la Najma lili panja.

Tinkakhala m'nyumba yodulidwa pakati ndi matabwa, ife uku, uko banja lina la ku Asiya. Ndi mayi wa m'banjamo tinkagwirizana, kuphikira pa chitofu chimodzi, kucheza m'Chingerezi chodukaduka, kwinako manja. Nditakwera ndinamupeza akulira, uku akusekanso.

"Kwagwanji, anzanga? Maliro?"

Anandikhazika pansi. Akuti dziko lawo ndi lalikulu, analigawa zigawozigawo, ndipo chigawo chilichonse chili ndi nduna yaikulu yakeyake ndi aphungu ake. Ndiye bwanamkubwa amene boma lalikulu linamuika kwawoko anangodzuka n'kuchotsa nduna yawo, n'kulumbiritsa ina. Yochotsedwayo inakana kutuluka mu ofesi, akuti malamulo a dziko salola, ondichotsa ine ndi aphungu okha. Nduna ziwiri, mpando umodzi! Tsono m'mawa umenewo khoti linali litagamula kuti yakaleyo ibwerere.

"Wathu wabwerera!" Kundikumbatira, kumuika mwana wanga switi m'kamwa, kenako anasolola nsalu m'chikwama. Yobiriwira, yatsopano, pakati pali chizindikiro chachikasu. "Tenga, chemwali, tenga!"

Ife kwathu nsalu ya chipani sitikana. Ukalandira pamsonkhano umavala, umapita nayo kumjigo, umaberekera mwana, chaka china ulandiranso ya chipani china, palibe wokufunsa. Ine ndinangoona mbereko yabwino basi. Dzuwa litapepa ndinamuponya mwana wanga wachiwiri, wakhanda, kumbuyo, kumanga bwinobwino, wamkuluyo kudzanja, ulendo wokagula anyezi.

Mayo ine! Nditangokhota pakona, mfuu. Amuna amene anasonkhana pogulitsira tiyi anaimirira onse, kuomba m'manja, kuimba, wina akumenya chidebe ngati ng'oma. Kundizungulira! Uyu akupsompsona nsonga ya nsalu, uyo akugawira mwana wanga maswiti, mafoni m'mwamba kundijambula. Ndinaseka, inu, ndinaseka. Mtima unadumpha, mapazi anayamba okha kuponda, chifukwa chifikireni ku Doha ndinali ndisanaonepo anthu akusangalala chotero pamsewu. Mwana wanga akuvina, masaya onse atupa ndi maswiti.

Kenako maso anga anapita tsidya lina la msewu. Amuna ena, a dziko lomwelo, aima chete, manja apinda pachifuwa. Mmodzi wandevu akundiloza. Anayamba kuwoloka.

Pakhomo la kosinthira ndalama pankaima gadi wa kwathu, bambo wachikulire amene tinkapatsana moni. Anathamanga n'kudzapanikizika pakati pa anthuwo.

"Achemwali, mutu ukuyenda? Mwabereka mwana m'mbendera ya eni ake!"

"Mbendera yanji, achimwene? Si chitenje ichi?"

"Chitenje chimenecho munachiona pamsika uti? Akubwerawo ndi a nduna inayo. Kuno si kwathu, zandale pamsewu salola. Polisi ikafika sifunsa, imangotola, ndipo oyamba kutoledwa ndinu, mwanyamula mbendera kumsana. Anawa atsala ndi ndani? Fulumirani, yala, yala!"

Bambo a ana anali kutali, akuyendetsa abwana awo, ndipo akakhala pa chiwongolero foni sayankha. Magulu awiri aja ayamba kale kukalipirana, kulozana m'maso, kukankhana, chidebe chagubuduka, ine pakati. Wamkuluyo ndikumumva akundikoka chovala koma sindikumuona, wabisika m'miyendo ya anthu. Ndinaganiza chinthu chimodzi chokha: ine m'galimoto ya polisi, ana anga pamsewu wa eni, osadziwa ngakhale kutchula kumene amakhala.

Ndinagwada pompo. Kumasula mfundo, kumutsetsereza wakhanda kubwera naye kutsogolo, kumulowetsa m'kati mwa abaya, mkanjo wanga wautali, pachifuwa penipeni. Nsaluyo sindinaitaye pansi, ndinaopa kuti wina akaiponda ndiye kuyaka moto. Ndinaipinda msangamsanga n'kumuika m'manja bambo womenya chidebe uja. Wamkuluyo ndinamugwira dzanja molimba mpaka analira, tinazemba kumbuyo kwa gadi, kulowa kanjira ka pakati pa nyumba, kuthamanga osacheuka.

Mzikiti unali pafupi. Tinalowa khomo la azimayi, kumene mwamuna saponda. Ndinamuvula mwana nsapato, ine zanga zinali zitatsala kale panjira. Ndinakhala nawo pakona, msana kukhoma, maso kukhomo, wina pabere wina pamwendo, ndipo sitinatuluke mpaka bambo awo ataona uthenga wanga pafoni n'kubwera kudzatitenga.