Koloboyi Wophethira Kutsidya la Dambo

Ndikakumbukira agogo anga aamuna, aNyoni, mphuno ndiyo imayamba: fodya wa chingambwe, ndi jasi lakuda limene anabwera nalo kuchokera ku migodi ya ku Joni, jasi losadziwa madzi chifukwa eni ake ankati likachapidwa lisiya kufunda. Mpaka lero ndikamva fungo la nsalu yokhalitsa mu utsi ndimadziona ndili pakhonde lawo kumtunda kwa Kandeu, mphepo yachisanu ikuboola diresi langa la sukulu, mbuzi zikukankhana polowa m'khola, ine ndikusenda kachewere ndi kampeni kopanda chigwiriro, maso ali kutsidya.

Kutsidyako kunali amayi. Bambo atamwalira, amayi anayamba kutsokomola ndi kuwonda, ndipo achipatala anati mwana achoke m'nyumbamo kuopa kutengera chifuwa. Agogo aakazi anali atatisiya kale, komanso aNyoni, pokhala bambo awo a amayi, sakanatha kusambitsa mwana wawo wamkazi wamkulu, choncho amayi anatsala kwa apongozi awo pamtunda wina, ine n'kubwera kwa aNyoni. Pakati pathu panali dambo ndi mtsinje, ndipo anandiletsa kuwoloka. Zinali zaka zija maliro ankachita kulandizana m'midzi, mankhwala otalikitsa moyo tikungowamvera pa wailesi. Ndinali kamwana ka pulayimale, koma ndinkadziwa chimene chimatsatira chifuwa chotero. Ndinkaopa kuti amayi amwalira ine osadziwa.

Agogo ankanditcha mkazi wawo, monga amachitira agogo ndi zidzukulu, ndipo ankanyoza kaphikidwe kanga tsiku ndi tsiku, uku akunyambita mbale. Madzulo ena anandipeza ndikulira kuseri kwa nkhokwe. Kunyengerera mwana sankakudziwa.

"Akazanga, mukuthirira chiyani kumeneko? Dimba lili kumunsi. Tabwerani muone."

Dzuwa linali litangolowa. Anandikhazika pakhonde, n'kuloza ndi ndodo pamene panali nyumba ya amayi. Panali kakuwala kamodzi kofiirira, koloboyi woyaka moyang'anana ndi khomo lotsekula.

"Muyang'anitsitse. Musaphethire ndinu, aphethire ndi iyeyo."

Ndinayang'ana mpaka maso kuwawa. Kenaka kakuwalako kanazimirira, n'kubweranso.

"Mwaona? Nyali siphethira yokha. Padutsa munthu. Amayi anu adzuka, akuyenda m'nyumba mwawo."

"Nanga ikakhala mphepo, agogo?"

"Mphepo imavinitsa lawi, kulipendeketsa uku ndi uku. Munthu amaliphimba, n'kulibweza momwe analipezera. Kumgodi, pansi pa nthaka, mnzako sumamuona nkhope. Umangoona nyali kutali uko ikuti zii, mbee, basi mtima pansi, anzako alipo."

Kuyambira tsiku limenelo ntchito zanga zamadzulo zinapepuka miyendo. Ndinkatunga madzi, kutsekera nkhuku, kutsuka mapoto ndi phulusa, zonse mothamanga kuti mdima ukamayamba ndikhale ndili pakhonde. Agogo ankafunyulula theka la jasi lija n'kundilowetsamo, ndipo tinkadikira, utsi wa fodya ukundiyabwa kukhosi, achule akusokosera kudambo, mpaka koloboyi ataphethira. Akatero agogo ankamenya ndodo pansi n'kunena kuti, "Zikomo kwambiri, tamva," ngati kuti wina wawapatsa moni. Apo mpamene ndinkatha kudya.

Ndiye panafika madzulo ena pamene nyali inayaka koma osaphethira. Inangoti njo. Mawa lake chimodzimodzi. Ndinasiya kudya, ndipo agogo anasiya kunyoza ndiwo zanga, chimene chinandiopsa kuposa zonse. M'mawa mwake anavala nsapato zawo zakumgodi, n'kutsetsereka kudambo ndi mawondo awo olira aja. Anabwerera dzuwa litapendeka, matope mpaka m'mawondo.

"Ali bwino, anangotopa. Phikani msanga, tisachedwe pakhonde."

Madzulo amenewo koloboyi anaphethira, ndipo ndinalumpha mpaka kuponda mbale ya agogo. Nyaliyo sinaphonyenso tsiku. Koma ine maso anga anali ataphunzira, ndipo ndinaona kuti kaphethiridwe kasintha: kanali kachangu, kobwerezabwereza, kosiyana ndi kale.

"Agogo, bwanji masiku ano amayi akudutsa mothamanga?"

Anakoka fodya nthawi yaitali. "Mwendo wapepuka. Munthu akamachira amatero."

Ndinakhulupirira ndi mtima wonse, ndipo ndinagona tulo tabwino miyezi yonseyo. Kenaka mankhwala aja anafika kuchipatala cha kwathu. Anthu anawatengera amayi kuchipatalako pa ngolo, amayi anayamba kumwa mankhwalawo, ndipo pofika nthawi yokumba kachewere anawoloka dambo ndi miyendo yawo kudzanditenga. Agogo anadandaula pamaso pa anthu kuti awalanda mkazi.

Agogo anamwalira ndili ku sekondale. Ine ndinapitirira mpaka kukhala mphunzitsi wa sayansi, ndipo kumeneko ndinakumana ndi nkhani imene inandiimitsa mutu. Akatswiri a zakuthambo anatumiza makina oonera kutali, matelesikopu, m'mwamba kupitirira mpweya wa dziko lathu. Kuthwanima kumene timaona pa nyenyezi tili pansi pano n'kwa mpweya chabe, kuvina kwa lawi kuja. Kumwambako kulibe zimenezo, choncho telesikopu imayang'anitsitsa nyenyezi zambirimbiri osaphethira, n'kumayeza kuwala kwa iliyonse. Kuwalako kukachepa pang'ono n'kubwerera momwe kunalili, kenaka n'kudzateronso pa nthawi yofanana, ndiye kuti mwina pali pulaneti imene ikuzungulira nyenyeziyo ndipo yadutsa kutsogolo kwake. Pulanetiyo saiona ndi maso. Maiko ochuluka ozungulira nyenyezi zina apezeka mwanjira imeneyi, ndipo matelesikopu atsopano akutha kuunika kuwala kosefedwa ndi mpweya wa maiko ena otero n'kuzindikiramo nthunzi ya madzi. Zimene makinawa amayeza zimaikidwa pa intaneti kuti aliyense wofuna athandize kufufuza. Ine ndinalowa nawo, ndipo netiweki ikalola ndimakhala pa laputopu kutsata mizere ya kuwala, kusaka pamene mzere wagwa n'kudzukanso.

Tsiku lina ndinapita kukacheza kwa amayi, amene tsopano amagulitsa kachewere pa Lizulu ndipo anenepa moti makasitomala amawatcha abwana. Ndinawaonetsa mzere wina wogwa bwino, ndikudzitama pang'ono.

"Amayi, taonani. Nyenyezi iyi yaphethira. Ndi zomwe zija tinkachita ndi agogo pakhonde, inu mukamadutsa pa koloboyi. Kungoti nthawi zina timanamizika, chodutsacho chimapezeka kuti si pulaneti."

Amayi anaseka mpaka kugwira m'nthiti, kenaka anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

"Iwe mwana, mpaka lero sunadziwe? Kudutsa ndani? Ine nthawi ija ngakhale kukhala tsonga ndinkalephera."

Anandiuza kuti tsiku limene agogo anawoloka dambo anawapeza atatembenukira kukhoma, atakana phala, atauza apongozi awo kuti asavutikenso. Agogo sanawalalatire. Anakoka mphasa ndi mwini wake yemwe mpaka pafupi ndi khomo, n'kuika koloboyi pambali pa mutu wawo.

"Anati, 'Mwana uja amayang'ana nyali iyi madzulo aliwonse, ndipo sadya isanaphethire. Ngati miyendo yakana, dzanja lilipo.' Basi anatuluka. Ndiye ine dzuwa likamalowa ndinkakweza dzanja, kulidutsitsa pa lawi, kulibweza, kulidutsitsanso. Linkalemera ngati thumba la feteleza. Tsiku lililonse ndinkati zakufazo tiona mawa, lero mwana adye kaye. Mawa lake chimodzimodzi, mpaka mankhwala anandipeza ndikadalipo."

Ndinalira pamenepo, pakati pa msika, anthu akutsatsa tomato ndi kabichi mbali zonse. Ndinalira chifukwa agogo anandinamiza ndi nkhope youma kuti mwendo wapepuka, ndipo sindingathenso kuwafunsa kapena kuwathokoza. Zaka zonsezi ndinkayesa kuti pakhonde paja ndinkangoonerera. Sindinkadziwa kuti njala yanga ndiyo inkakweza dzanja lija.

Jasi lija lili kwa ine, ndipo sindinalichapebe. M'nyengo yachisanu ndimalifunda pamiyendo ndikamatsata mizere ya nyenyezi, ndipo mzere ukagwa n'kudzuka ndimapezeka ndagogoda patebulo, zikomo kwambiri, tamva. Ana asukulu ndimawaphunzitsa kuti asafulumire kutchula dzina la chimene chadutsa, ayambe aonetsetsa. Ndipo ndikamakwera minibasi pa Lizulu kubwerera kuntchito, amayi sanditsanzika ngati anthu ena. Amaima pambali pa milu yawo ya kachewere, n'kudutsitsa dzanja kutsogolo kwa nkhope yawo, uku ndi uku, kuti ndikadye.