Kulira Kamodzi kwa Foni ya a Yafeti

Komiti ya chitukuko ya komboni yathu, kufupi ndi Mvuma, inalengeza mu 2006 kuti pamwamba pa phiri la kuseri kwa mgodi padzamangidwa busita, nsanja ija yokoka netiweki ya foni. Akuluakulu a mataye anabwera, nathira simenti pamalopo, n'kudya mbuzi. Anati mvula isanagwe munthu azidzaimba foni ali chigonere pamphasa.

A Yafeti anawomba nawo m'manja. Iwowa anachoka ku Dedza ndevu zisanamere, nakumba golide mpaka mgodi unatsekedwa. Chimene anatuluka nacho ndi chifuwa cholira ngati chitseko, ndi chitupa chonena kuti akadali mlendo. Kumudzi kunatsala mlongo wawo mmodzi, a Ernestina.

Mayunitsi oimbira ku Malawi analibe, mlongo wawonso chimodzimodzi. Choncho anapangana zobipa. Lamlungu lililonse a Yafeti aziliza foni ya a Ernestina kamodzi n'kudula, a Ernestina n'kubweza. Tanthauzo lake: ndili moyo. Ndipo netiweki inkapezeka pansonga pa phiri pokha.

Phirilo ndi lachilendo. Pamwamba pake pali dambo la dothi lakuda lonyowa ngakhale mu Okutobala, lomeza nsapato. A Yafeti ankavula zawo n'kuzikoloweka m'khosi, akukwera, akuima, akutsokomola.

“Abambo a Isake, mudzafera m'matopemo,” ankatero akazi awo, a Eveline. “Foni yosalankhula nayonso n'kuikwerera phiri?”

“Imalankhula. Inu ndi amene simumva.”

Mu 2008 mashopu anatsala mashelefu okhaokha, anyamata anathera ku Joni. A Yafeti ankakwerabe ndi njala yawo, kukhala pasimenti ya komiti, kukweza foni m'mwamba. Ikalira ankatsika akumwetulira.

Tsiku lina Olipa, mayi wogulitsa zitenje wochokera ku Dedza komweko, anafika pakhomo, nagwada, n'kuyamba kupepesa maliro.

“Maliro a ndani?”

“Ii, agogo, simunamve? Mayi Ernestina tinawaika chimanga chisanache.”

“Bodza! Dzana lomweli andibipa.”

“Foniyo anatenga ndi mkamwini wawo. Amati pali nambala yakunja imene imamuvutitsa Lamlungu lililonse. Ndiye amangobweza, mwina ndi munthu wofuna kumupezera ntchito.”

A Yafeti anafunsa ngati anawaika pafupi ndi mayi awo. Olipa sankadziwa.

Lamlungu lotsatira a Eveline anaona nsapato zili m'khosi mwa amuna awo.

“Mukukabipa ndani tsopano?”

“Ndikukauza mnyamatayo kuti kuno ntchito kulibe.”

Mayunitsi oti anenere zimenezo analibe. Anakhala pasimentipo mpaka dzuwa linapendeka, foni ili m'thumba. Anatsika mochita kugwiriza mitengo, ndipo sanakwerenso.

Komiti inakumananso chaka chimenecho n'kutsimikiza kuti ntchito ya busita ikuyenda bwino. Simenti ija makorokoza, okumba golide mozemba aja, anaiphwanya pofuna kuona chimene chili pansi pake.