Tsiku Limene Mawadi Awiri Analimbirana Bambo Anga

Ndinadzuka kusanache, msana ukuwawa chifukwa chogona panja pasiwa. Azimayi a kwaya anali atasasa mawu ndi kuimba. Mayi ndinawapeza atakhala pafupi ndi bokosi la Bambo, ndipo chimene chinkawadya mtima ndinkachidziwa: panalibe mfumu imene inali itabwera kudzatiuza kuti adzukulu akakumba manda.

Nyumba yathu ku Mbayani ili pamalire. Atadulanso mawadi a khonsolo, chipinda chogona chinagwera wadi ya kumtunda, khitchini n'kugwera ya kumunsi. Wadi iliyonse ili ndi khansala wake komanso mafumu ake a m'madera. Bambo akapita kumtunda kukadandaula za ngalande yodutsa pakhomo pathu, ankauzidwa kuti ndi a kumunsi. Kumunsi nako ankawabwezera kumtunda. Iwo ankangoseka, amvekere ine ndimadya wadi ina n'kukagona wadi ina. Koma makolo awo anachokera ku Mozambiki, ndipo tinalibe mudzi woti n'kutengerako maliro. Mafumu a mbali zonse ziwiri akanatikana, akanatiikira ndani?

Kutangocha, kamvula kakuwaza, anafika amfumu a kumtunda kudzanena kuti anyamata awo ali kale kumanda. Asanakhale n'komwe pampando, anatulukira a kumunsi ndi uthenga womwewo. Tinamva kuti magulu awiri a adzukulu akumana pamalo amodzi, makasu m'manja, lililonse likuti malirowa ndi athu. Anagwirizana zokumba molandizana.

Pofika masana anthu anali atasefukira mumsewu, utsi wa ophika uli tolotolo mbali zonse za ngalande. Makhansala awiri aja anabwera aliyense ndi tenti yake, ndipo analimbirana kulankhula koyamba mpaka abusa anachita kuwaleretsa. Aliyense anati wataya munthu wake weniweni. Ndinaluma mlomo kuti ndisaseke, misozi ili chuchuchu. Za ngalande sanatchule ndi mmodzi yemwe.

Bokosi analinyamula a kumtunda, a kumunsi n'kulilanda mwaulemu, likuyenda pamapewa mpaka kumsewu wa tala kumene lole ya neba wathu inkadikira. Kumanda dzuwa linatuluka tikukwirira.

Madzulo nyumba inali zii, matenti atapita. Ndinakhala ndi Mayi pakhonde.

"Ine ndimaopa kuti tiwanyamula awiriwiri, iwe ndi ine," anatero Mayi. "Koma ndakuona, mwanawe. Bokosi la bambo ako sunalikhudze n'komwe."

Zinali zoona. Ndinayesa kangapo, koma anthu sanandipatse mpata.