Mfundo pa Waya Wofiira

Ndikukumbukira tsiku limene ababa anandijombetsa kusukulu kuti ndikawasiyanitsire mawaya awiri okha. Ndinali Sitandade 5. Iwo ankayendetsa boti la alendo pa Shire, kuchokera pa Liwonde mpaka ku Malombe, ndipo anali ndi chinsinsi chimene tinkachidziwa a m'nyumba tokha: ng'ala inali itayamba kuwaphimba maso. Mtsinje ankaudziwa ngati njira ya kumzikiti, koma tizinthu ting'onoting'ono tinkangowaonekera mbuu. Bwana wawo akanadziwa, ntchito ikanathera pompo.

Sabata imeneyo bwanayo anabweretsa kabokosi kowongolera boti. Ukakalozetsa kopita, kankagwira chiwongolero n'kumalunjika komweko kokha. Ntchito yokalumikiza ku batire anapatsa ababa. Ine nditamva, mtima unandiwawa zedi. Munthu n'kudzikumbira yekha dzenje?

Tinalowa m'botimo dzuwa litakwera kale. Munkanunkha petulo ndi matope, namasupuni akungodutsa m'mbali. Ababa anayamba azimitsa kaye magetsi onse, kenako anapapasa batire ndi chala. Mutu wa pulasi anaupeza okha, poti ndi wonenepa kuposa unzake. Koma mawaya a kabokosika anali ofanana kukula, ankasiyana mtundu basi: wofiira unali wa ku pulasi, wakuda wa ku mainasi.

“Asiyatu, wofiira ndi uti?”

Ndinawapatsa wakuda. Ndinachita dala, sindikana. Ndinkafuna kabokosika kapserere kuti ababa atsale pa chiwongolero chawo. Iwo anaudutsitsa pa fyuzi, kachitsulo kamene kamapsa m'malo mwa makina zinthu zikalakwika, anamanga ndi sipanala, winawo n'kuuika ku mainasi. Atayatsa, tinangomva kuti thwa! Kafungo ka pulasitiki kanatuluka.

Ndinadikira khofi, koma silinabwere. Anazula fyuziyo n'kuinunkhiza.

“Iwe ukuti kabwera kudzandilanda ntchito? Iyayi, mwanangu. Ndinakapempha ndine. Pa Malombe mtengo wa kutsidya umene ndinkalunjikapo sindiuonanso. Akaka kazigwira njira. Mvuu ndi mchenga sikazidziwa, zimenezo ndi zanga.”

Manyazi amene ndinachita, ha! Ndinkangoyang'ana zala za kumapazi. Ababa anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa fyuzi ina. Inali yomaliza, ndipo bwana ankabwera masana omwewo kudzayesa botilo. Akanatha kuitana munthu wina aliyense padokopo, koma anatambasuliranso dzanja kwa ine.

“Wofiira ndi uti?”

Ndinawapatsa wofiira weniweni, misozi ili mbwembwembwe. Asanaumange anaupanga kamfundo kumapeto kuti mawa adzaudziwe ndi chala. Atayatsa, kabokosi kanawala, chiwongolero chinagwedezeka chokha ngati chagwidwa ndi mzimu, mpaka ine ndinalumphira kumbuyo. Ababa anaseka, ndipo kunyumba nkhaniyi sanakainene. Botilo analiyendetsabe zaka zina zingapo mpaka anadzapuma mwaulemu.

Lero zinthu zinasintha. Ng'ala amaichotsa kuchipatala munthu n'kubwerera kwawo akuona, mawaya amabwera olembedwalembedwa, ndipo mzimayi kukwera padenga ndi sipanala sizidabwitsanso anthu ambiri. Ineyo ndimaika masola kuno ku Balaka. Maso anga ndi abwinobwino, komabe waya wofiira aliyense ndimaupanga kamfundo. Eni nyumba akandifunsa ndimangoti n'chizolowezi. Sindiwauza kuti ndinanamiza munthu wosaona bwino amene ankadalira maso anga, iye n'kundifunsanso kachiwiri.