Mayi Amene Anamiza Injini

Tsiku limene anamuchotsa ntchito, mayi wina anafika kunyumba zovala zili zonyowa, misozi ili chuchuchu. Anali atangoyamba kumene pamalo otsukira magalimoto. Kasitomala wina atati amutsukirenso injini, iye sanafunse munthu. Anatsegula boneti n'kulozetsa paipi yamphamvu ija paliponse ngati akuthirira dimba, chikhalirecho injini ikadali yotentha. Nthunzi inangoti tolo, ndipo galimotoyo inachoka pamalopo chokokedwa. Safunsa anadya phula.

Kuyambira pamenepo anthu anamutcha Anampopi. Inu owerenga, kuseka sekani, koma mayiyu anali wamasiye wa ana awiri, ndipo dzinalo linkafika pamalo alionse otsukira magalimoto iye asanafike.

"Ndinu aja munamiza injini? Pepani mayi, malo anadzadza," ankatero eni malowo.

Anayamba kuchapira anthu zovala, koma nkhani ya injini inkamudyabe mumtima. Tsiku lina analimba mtima n'kupita kwa makanika wina wachikulire wa kuseri kwa msika, munthu woumira mawu.

"Bambo, tandiuzani chimene ndinalakwitsa."

"Zonse," anatero makanikayo, mutu uli m'boneti. "Khalani apo muziona."

Anaonadi. Akamaliza zochapa ankathamangira kugalaja kuja kukaphunzira pa magalimoto akufa. Anaphunzira kuyandikiza kuseri kwa dzanja pa injini, ndipo ngati ikufundabe, kudikira. Anaphunzira kuchotsa kaye waya wakuda wa batire, kenako kukulunga ndi mapepala apulasitiki alitaneta yotchaja batire ija, bokosi la mafiyuzi ndi polowera mpweya. Litsiro limachoka ndi burashi ndi sopo, madzi n'ngotsukuluzira chabe, pang'onopang'ono ngati ukusambitsa khanda kumaso. Akalakwitsa, makanikayo ankangotsokomola, iye n'kuyambiranso.

Mwayi unadzera mwa mlamu wake, amene ankagwira ntchito pasukulu yophunzitsa kuyendetsa galimoto. Injini za magalimoto a pamenepo zinali mbuu ndi fumbi losakanikirana ndi oilo, ndipo imodzi inkayenera kupita kukapimidwa masana omwewo. Mlamuyo anamuchonderera mwini sukulu mpaka analola kumuyesa.

"Alamu, ndaika khosi langa," anamunong'oneza pageti. "Mukamizanso iyi, tonse tituluka pageti lomweli."

Galimoto inabwera kuchokera kophunzitsa, injini ili juu. Mwini sukulu anaima pambali, makiyi akuwaseweretsa m'manja.

"Yambanitu mayi, nthawi ikupita."

"Bwana, izizire kaye."

"Mpaka liti?"

"Mpaka dzanja livomere."

Bwanayo ankangoyang'ana wotchi, ophunzira atakhala pabenchi kudikira zoseketsa. Mayiyu anayandikiza dzanja, n'kubweza. Anayandikizanso, n'kubwezanso. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kudekha pamaso pa munthu amene akuyang'ana wotchi si masewera.

Itazizira, anachotsa waya, n'kukulunga zokulunga, n'kuyamba kukwecha. Thukuta linali kamukamu. Anatsukuluza ndi madzi a m'botolo loboola chivindikiro, n'kupukuta paliponse ndi nsanza, n'kusiya boneti chitsegulire kuti mphepo imalize. Kenako anamasula mapulasitiki onse. Injini inatuluka yoyera moti mlamu wake anamwetulira koyamba tsiku limenelo.

Bwanayo analowa m'galimoto n'kupotokola kiyi.

Zii.

Anapotokolanso. Ngakhale kanyali kamodzi sikanayake. Mlamu uja anaika manja kumutu. Pabenchi wina analephera kudzigwira, anangoti pwee kuseka.

Bwanayo anatsika pang'onopang'ono. "Anthu anandiuza ine za inu, mayi."

Kunena zoona, mayiyu anafuna kuthawa. Geti linali lotsegula, ndowa akanaisiya pomwepo. M'mutu munkangozungulira ana ake ndi ntchito ya mlamu wake. Koma m'malo mopita kugeti, anabwerera kuboneti. Anayamba kuyang'ana chimodzichimodzi kuchokera pamene anayambira. Pa mafiyuzi panali pouma. Pa alitaneta pouma. Atafika pabatire anaona waya wakuda uja uli lende pambali, mmene anausiyira.

"Bwana, kulakwa n'kwanga," anatero mokweza kuti onse amve. "Ndinachotsa waya wa batire kuti madzi asaononge zamagetsi. Mantha andiiwalitsa kubwezeretsa."

Anatenga sipanala, koma inamupulumuka n'kugwera pansi pa galimoto. Anagwada, anaitola, anamanga. Bwanayo sanalowenso m'galimoto. Anamupatsa makiyi.

"Lizani nokha."

Anakhala pampando, n'kupuma kamodzi, n'kupotokola. Injini inalira bwinobwino, osatsokomola n'komwe. Mlamu wake anangokhala pansi pafumbi pomwepo.

"Mawa mubwere, magalimoto ena aja akudikira," anatero bwanayo. "Koma wayayo muzikumbukira, mayi. Mtima wangawu ndi wakale."

Lero mayiyu ali ndi shedi yakeyake yotsukira magalimoto, ndipo madalaivala amadikirana pamzere. Ana ake ali pasukulu. Mukamufunsa ngati mantha anatha, amaseka n'kunena kuti ayi, kasitomala aliyense akamapotokola kiyi, mantha aja amabwereranso.

Ndiye inu amene mukudikira kuti mantha athe kaye kuti muyambirenso, mudzadikira mpaka imvi. Mwina nanunso mwapotokola kiyi pamaso pa anthu, kwangoti zii, ndipo maso anu ali kugeti. Musataye mtima msanga choncho. Bwererani mukayang'anenso bwinobwino, muli ndi mantha chomwecho. Kawirikawiri chimene chatsala si chachikulu ngati mmene mtima ukukuuzirani.