Nkhulukulu ya m'kope la Goodman Sitima

Mukafika kwathu, m'munsi mwa phiri mbali ya Phalombe, n'kufunsa za Goodman Sitima, anthu sakuuzani kuti ndi wokonza njinga, ngakhale ntchito imeneyi ndiyo yalera ana ake asanu. Amangoti, "Ooo, uja wa mbalame!" kenako phwete kuseka. Kwathu mbalame ndi ndiwo, abale. Munthu wamkulu, imvi mbuu, kuima m'munda wa nandolo kukamwa kuli yasa, kuyang'ana mpheta osaiponyera ndi kamwala komwe, ndiye kuti chiyani? Mkazi wake Zelifa anatopa nazo kalekale. Amati, "Bola akanakhala a mowa, bwenzi tikudziwa kokawafuna."

Matendawa Goodman anawatengera kwa aphunzitsi ake a ku pulayimale, a Dickson Namakhwa. Iwo ndiwo anamuphunzitsa kuti chaka chikayamba munthu amatsegula tsamba latsopano m'kope, n'kumalemba mtundu uliwonse wa mbalame umene wauona kapena kuumva yekha, ndi tsiku lake ndi malo ake. Mtundu umodzi amalemba kamodzi basi. Pumbwa ukamulemba mu Januwale, ngakhale akumalizire mapapaya onse, sumulembanso mpaka chaka china. Zongomva kwa anthu sizilowa m'kope. A Namakhwa anali okhwima pa lamulo limeneli moti chaka china anakana kulemba nang'omba, ati poti anangoona nthenga yake panjira.

Tsiku lomaliza la chaka awiriwa ankakhala pakhonde pa a Namakhwa, aliyense ndi kope lake, kuwerengerana ndi kutsutsana ngati ana. Anachita zimenezi zaka zoposa makumi atatu. Kenako matenda a shuga anawadya maso aphunzitsi aja. Kope linatsala limodzi, la Goodman, ndipo iye ankawerenga mokweza, mkuluyo akugwedeza mutu. "Maso anga ndinu tsopano, a Sitima," ankatero. "Musandiphonyetse kanthu."

Mbalame imene a Namakhwa ankaikonda koposa inali nkhulukulu, yobiriwira ija ya tsumba pamutu, imene ikatambasula mapiko mumaona kufiira ngati magazi. Inkabwera kudzadya nkhuyu pamkuyu waukulu umene unali kumalire a dimba la Goodman, m'mphepete mwa mtsinje. Chaka chilichonse inkalowa m'kope ndi mawu omwewo: pamkuyu.

Ndiye kunabwera namondwe uja wa Freddy. Madzi anatsika m'phiri ndi miyala, nyumba ya Goodman inagwa, banja lonse linakagona m'kalasi masabata angapo. Chilimwe chitafika anaumba njerwa, koma uvuni sudya mapesi, umafuna nkhuni zenizeni, ndipo kuphiri kunali alonda a nkhalango. Masiku atatu anauzungulira mkuyu uja nkhwangwa ili paphewa, n'kubwerera. Tsiku lachinayi anaudula. Nyumba inamangidwa, yanjerwa zootcha, ndipo palibe munthu m'mudzimo amene akanamudzudzula. Koma Goodman sanawauze a Namakhwa.

Chaka chotsatira nkhulukulu sinabwere. Ikanabwera kudzatera pati? Goodman anaifunafuna m'mitsinje ina, anatseka shedi yake ya njinga masiku amsika, Zelifa n'kumakalipa, koma ayi ndithu. Pamapeto pa chaka anakhala pakhonde paja n'kuwerenga: nthengu, mwiyo, namzeze, gogomole, nantchengwa, mpaka mitundu makumi asanu ndi atatu. Atatseka kope, a Namakhwa anakweza nkhope.

"Nanga mnzanga wa mapiko ofiira?"

Lilime lilibe fupa, anthu inu. Goodman anangodzimva akuyankha kuti, "Ndinaidumpha, aphunzitsi. Inabwera pa 9 Novembala, pamkuyu pomwe paja."

Mkuluyo anaomba m'manja, nkhope yonse ngwee. Goodman atafika kunyumba anatenga cholembera n'kuipanikiza nkhulukulu ija pakati pa mizere iwiri, kuti kope ligwirizane ndi pakamwa pake. Kuyambira tsiku limenelo sanapezenso mtendere. Anali atanamiza munthu wosaona, munthu amene anamupatsa maso ake kuti amusungire. Akamamanga sipoko ankaganiza zomwezo. Kutchalitchi akamanena za umboni wonama ankayang'ana pansi ngati amutchula dzina. Kangapo konse ananyamuka kuti akaulule, koma akafika pakhonde paja n'kuona mmene mkuluyo wawondera, ankangofunsa za thupi n'kubwerera.

Mu Novembala chaka chatha, Hilda, mwana wamkazi wa a Namakhwa, anabwera kushedi. "Bambo akukufunani," anatero. "Ati nkhuyu zapsa, muwatengere kumkuyu akamve mbalame yawo. Ati chaka chamawa sakuchidalira."

Pamenepo mpamene munthu wanzeru akanagwada n'kunena zoona. Koma Goodman, mantha atamugwira, anaganiza zochenjera. Anawakweza aphunzitsi pakaliya ya njinga, n'kumaikankha pang'onopang'ono, kudutsa njira ya kudimba, mpaka pamtengo wa mango wa mnansi wake, chapafupi ndi mtsinje womwewo. Mthunzi ndi mthunzi, anadziuza. Anawakhazika pachitenje.

"Tafika, aphunzitsi."

Anakhala pamenepo kudikira mbalame ija. Dzuwa linali likuswa mtengo. Kutsidya kunkalira khwangwala, ndi mbuzi ya munthu imene inakodwa m'chingwe. Goodman ankayang'ana chitsa cha mkuyu chili apo, chakuda, mtima ukugunda ngati wakuba nkhuku. Kenako anaona dzanja la mkuluyo likupapasa pansi. Linatola tsamba, lalitali, losongoka. A Namakhwa analifikisa pakati pa zala, analinunkhiza, n'kuliika pabondo. Munthu amene anaphunzitsa ana za mitengo moyo wake wonse angasokoneze mango ndi mkuyu?

"Aphunzitsi," anayamba Goodman, "mtengo uja ine..."

"Shii!" Mkuluyo anakweza chala, khutu atalitchera kumtunda. "Imeneyo! Mwaimva, a Sitima? Yalira kawiri."

Kunalibe nkhulukulu. Kunali khwangwala yemwe uja ndi mbuzi ija.

"Tulutsani kope. Lembani tsiku la lero."

"Aphunzitsi, chonde, ndiloleni ndinene."

"Nyumba ija munamanga, ndamva kuti ndi yabwino. Ikudontha?"

"Sikudontha."

"Ana akugona pouma?"

"Eya."

"Basi, lembani. Ndaimva ine ndi makutu anga."

Goodman analemba, misozi ikugwera papepala. Akanamukalipira, akanamutchula wabodza pamaso pa mudzi wonse, bwenzi atapepukidwa. Koma mkulu amene sanalembepo chonama zaka zonse zija ananama tsiku limenelo, dala, kuti mwana wake wa sukulu asachite manyazi, ndipo Goodman ankadziwa kuti amene anawafikitsa pamenepo ndi iyeyo.

A Namakhwa anamwalira chimanga chikumasula, osayambanso nkhaniyo, ndipo Goodman sanapeze mpata wopepesa. Akulembabe mbalame mpaka lero. Munthu akamupempha, amamuonetsa makope ake onse mokondwa, kupatula la chaka chatha. Mzere uja sangaufute, poti aphunzitsi ndiwo anamuuza kuti alembe, komanso sangathe kuuwerenga mokweza.